Kirihiko sanauke kwa akufa, achimwene

Achimwene, mwati mukuonera Kamen Rider W, sewero la pa TV la ku Japan la ngwazi zosandulika n'kulowa m'chigoba, ndipo mwadutsa gawo 20, kenako mwakumana ndi tizidutswa tatifupi pa intaneti momwe Kirihiko, munthu amene munamuona akufa ndi maso anu, wakhala pampando bwinobwino akucheza ndi alendo. Mukufunsa ngati tinapangidwa ndi anthu wamba ofuna kunyoza seweroli, ngati tikulowa m'nkhani, komanso ngati mutionere panopa. Amene simunafike gawo 18 ndipo simufuna kuuziridwatu, lekezani pomwe pano.

Tizidutswato n'ta eni ake. Inapanga ndi kampani ya Toei, yomweyo imene yakhala ikupanga Kamen Rider kuchokera mu 1971, ndipo ochita sewero ndi omwewo, zovala zomwezo, ngakhale ofesi ya Narumi ija, momwe ngwazi ziwiri za seweroli, Shotaro ndi Philip, amagwirira ntchito yofufuza milandu, ndi yomweyo. M'nkhani sitikulowamo ngakhale pang'ono. Kirihiko anafadi ndipo sabweranso. Koma kutionera panopa ndiye ndikukuletsani, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna kukhalapo nthawi.

Poyamba mudziwe kumene tinachokera. Kamen Rider imaonetsedwa Lamlungu m'mawa pa TV Asahi, gawo limodzi pa sabata, pafupifupi chaka chathunthu, kenako pamayamba nkhani ina ya dzina lina. W inayamba mu Seputembala 2009 n'kutha mu Ogasiti 2010, magawo 49. Chaka chilichonse, ana a sukulu ku Japan akatsekera m'nyengo yotentha, Toei imatulutsa filimu ya m'nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo filimu imafuna kuitanira anthu. Ndiye kwa zaka zingapo ankati filimu ikayandikira, amajambula tizidutswa toseketsa ta mphindi zochepa n'kumatigulitsa pa intaneti ndi pa mafoni, kenako n'kutisonkhanitsa pa DVD. Mu 2008 anachita zimenezi ndi Kiva, Kamen Rider ya chaka chimenecho. Mu 2009 Decade inali ndi tizidutswa 30. Mu 2010 ndi pamene panabwera ta W timene mwapezati, ndipo tilipo 26 chifukwa filimu yake, W Forever: A to Z, ikukamba za ma Gaia Memory (tizipangizo tosandutsa munthu chilombo kapena ngwazi) 26, kuyambira chilembo A mpaka Z. Kachidutswa kalikonse kali ndi chilembo chake. Mu 2011, pokondwerera zaka 40, anapanga 48, ndipo Fourze ndi Wizard nazonso zinali ndi tawo. N'zamalonda ndithu, palibe chobisa. Koma anthu amene anapatsidwa ntchitoyi anaigwira ndi mtima wonse, ndipo zimaoneka.

Tsopano za Kirihiko. Takumbukirani mmene anamumangira munthu ameneyu. Anayamba ngati wogulitsa ma Memory wonyada, wa mpango woyera wokhala ndi kadontho kofiira, amene anakwatira Saeko n'kulowa m'banja la Sonozaki, eni malonda a ma Memory, akuganiza kuti wafika pamwamba. Kunyumbako ankamuyesa wopanda pake. Pang'ono ndi pang'ono tinadziwa kuti mzinda wa Futo, kumene nkhaniyi ikuchitikira, ankaukonda zenizeni, kuti kachidole ka mzindawo, Futo-kun, anakajambula ndi iyeyo ali mwana. Atazindikira kuti ma Memory akufika m'manja mwa ana, mtima unamutembenuka. Anasiyira Shotaro kachidole kaja, anapempha mkazi wake kuti athawe limodzi, ndipo mkazi yemweyo ndi amene anamupha. Mpango unauluzika ndi mphepo, gawo n'kutha. Ana ambiri ndi makolo awo anaonera zimenezi Lamlungu m'mawa akudya chakudya cham'mawa.

Miyezi ingapo itadutsa, Toei inaitananso Yuki Kimisawa, amene ankasewera Kirihiko, n'kumupatsa pulogalamu yakeyake yocheza ndi alendo, Kirihiko's Room. Munthu wa ku Japan akangomva dzinalo amaseka asanaone n'komwe, chifukwa pa TV Asahi pomwepo pali pulogalamu ya mayi Tetsuko Kuroyanagi yotchedwa Tetsuko's Room, imene yakhala ikuuluka kuyambira mu 1976, momwe anthu otchuka amakhala pampando mwaulemu n'kumacheza modekha. Ndiye tangoganizani mpando woterowo ataupereka kwa munthu amene anaphedwa ndi mkazi wake, ali ndi mangawa ndi aliyense amene angalowe pakhomo. Amayesetsa kusunga ulemu wa mwini pulogalamu, koma chakukhosi chimangotulukira. Chimene chimaseketsa si mawu okha ayi. Ndi chifukwa chakuti inu woonera munamumvera chisoni munthuyu, mukudziwa kuti madandaulo ake ndi oona, ndipo kwa nthawi yoyamba wapatsidwa mpata wowanena. Munthu amene sanaone gawo 18 angoona bambo wa suti akukwiya popanda chifukwa.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse. Nthabwala zimenezi zimadya zimene seweroli linakusiyirani mumtima. Mukabwera chimanjamanja, mubwereranso chimanjamanja. Inu gawo 18 mwaliona, zoona, koma tizidutswati tinatuluka seweroli likuyandikira kumapeto, ndipo timaganiza kuti woonera akudziwa anthu onse amene anabwera pambuyo. Ryu Terui, wapolisi wa jekete lofiira amene salola kufunsidwa mafunso, mwangoyamba kumene kumuona. Dokotala Isaka simunamudziwe bwino, ndipo munthu ameneyu m'sewero lenileni ndi woopsa, ali ndi magazi m'manja. Mukayamba kumuona akuseketsa musanaone zimene anachita, mudzakhala mwadziba nokha. Akadzalowa m'nkhani yeniyeni simudzachita naye mantha, ndipo mantha amenewo ndi amene anakonzedwa kuti mukhale nawo.

Pali ena mwa okonda Kamen Rider amene ndawaona akunena kuti tizidutswa totere timachotsa ulemu wa ngwazi. Ine sindikugwirizana nazo. Kunyoza kumachokera kwa munthu wakunja amene sakudziwa chinthucho. Izi n'zachisuweni: amene akukuseka ndi wako, akudziwa chilema chako chifukwa munakulira limodzi, ndipo mawa pamavuto adzakhala pomwepo. Komanso W yeniyeniyo inali kale ndi nthabwala m'magazi. Akiko, mwini ofesi ya Narumi, amayenda ndi silipasi yobiriwira yomenyera Shotaro m'mutu, ndipo si mwangozi kuti mtsikanayu anakulira ku Osaka. Kumeneko ndi kwawo kwa manzai, nthabwala za anthu awiri, wina wolankhula zopusa, wina womudzudzula msanga, nthawi zina pomumenya khofi. Shotaro amadzitenga ngati wofufuza milandu wouma mtima wa m'mabuku akale a ku America, chipewa n'kupendeketsa, koma mtima wake ndi wofewa ndipo aliyense amamudziwa. Tizidutswati tangochotsa zilombo ndi imfa n'kusiya mbali imeneyi poyera.

Mbali ina imene ndimaikonda kwambiri ndi pamene ochita sewero amapatsidwa pepala ndi cholembera kuti ajambule ma Rider akale kuchokera m'mutu. Apa zolemberatu zimachepa. Munthu amayamba molimba mtima, wajambula maso aakulu a chiwala aja, kenako waima, sakukumbukira ngati nyanga zinali ziwiri kapena zitatu, ndipo akatembenuza pepala anzake amagwa ndi phwete. Kuseka kumeneko si kwa m'sewero, n'kwa achinyamata amene akhala limodzi miyezi yambiri akudzuka m'bandakucha kukajambula. Masaki Suda, amene ankasewera Philip, anali ndi zaka 16 pamene W inkayamba. Lero ndi mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a mafilimu ku Japan, wolandira mphoto ya Japan Academy. M'tizidutswa timeneti mumamuona akadali mnyamata, akulephera kudzigwira kuseka. M'magawo 49 aja simungamuone choncho, chifukwa mmenemo ndi Philip nthawi zonse.

Ta Decade tinachita chinthu china chimene ndimachilemekeza kuposa zonse. Mukudziwa kuti lamba wa m'chiuno mwa ngwazi akangolira, munthu n'kusandulika, amene ali m'chigoba si mnyamata wokongola uja ayi. Ndi katswiri wina amene nkhope yake sioneka, amene amagwa, kugudubuzika, kudumpha pakati pa moto, m'chovala chotentha chimene amaonera pa timipata tating'ono. Wotchuka kwambiri ndi Seiji Takaiwa, amene anavala chigoba cha pafupifupi ngwazi yaikulu iliyonse kuyambira Agito mu 2001 mpaka Zi-O, kupatulapo Hibiki. W amene mukuonerayo, akamaloza chala n'kuuza mdani kuti awerenge machimo ake, thupi limenelo ndi la Takaiwa. Ntchito yake pa W inali yovuta mwapadera, chifukwa m'thupi limodzi muli anthu awiri, Shotaro ndi Philip, ndipo amayenera kuonetsa ndi mapewa ndi manja okha kuti amene akulankhula pano ndi wa kumanja kapena wa kumanzere. M'tizidutswa ta Decade anapanga masewera oti anthu aloze kuti mwa ovala zigoba amene aima patsogolo pawo Takaiwa ndi uti, poyang'ana kaimidwe ndi kayendedwe. Ndi zoseketsa, inde, koma ndi mmenenso ana ambiri anadziwira kuti m'chigobamo muli munthu wa dzina, ndipo luso lake likhoza kuzindikirika nkhope yake isakuoneka. Sewero la Lamlungu silikanatha kunena zimenezi popanda kuphwanya nkhani yake.

Mwambowu unadzasintha maonekedwe. Mu 2015 Toei inatsegula Toei Tokusatsu Fan Club, malo olipira mwezi ndi mwezi a anthu okhala ku Japan, ndipo zambiri zapadera zinasamukira kumeneko. Mu 2018, pa Zi-O, ankati gawo likangotha pa kanema, amatulutsa kagawo kena kotchedwa 1.5, 2.5, choncho. Mmenemo ochita sewero amaima atagwira mapepala a sewero m'manja, n'kumafunsana mafunso omwewo amene oonera ankafunsa: bwanji zakutizakuti sizikugwirizana ndi zimene zinachitika zaka zapitazo, bwanji wakutiwakuti sanabwerenso. Yankho lina limakhala lakuti ndi zifukwa za akuluakulu, kutanthauza ndalama, nthawi, ndi anthu amene anatchuka kwambiri moti kuwapeza n'kovuta. Kampani imene ikuvomera zimenezi pamaso pa oonera ake, ikuseka, ine ndimaikhulupirira kuposa imene imanamizira kuti zonse zinakonzedwa kuyambira pachiyambi.

Chenjezo limodzi, kuti musasokoneze zinthu. Si chilichonse chimene chili kunja kwa magawo 49 chili nthabwala. Filimu ya A to Z ili m'nkhani, ndipo imagwera pakati pa gawo 44 ndi 45. Anaitsogolera ndi Koichi Sakamoto, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa Power Rangers ku America ndi ku New Zealand, ndiye amene munakulira pa Power Rangers muzindikira kamenyedwe kake. Palinso mafilimu awiri a W Returns a mu 2011, ina ya Accel ina ya Eternal, ma Rider ena a mu W, amene anatuluka pa DVD. Amenewo ndi nkhani zolemera, makamaka ya Eternal. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi: mukaona munthu akuyang'ana kamera n'kulankhula ndi inu, kapena womwalira akuyenda popanda wina kudabwa, dziwani kuti muli m'tizidutswa toseketsa.

Ndiye ndondomeko imene ndingakupatseni ndi yoti mupitirize mpaka gawo 44, muonere filimu, mumalize mpaka 49, kenako mutsegule tizidutswa 26 tija. Musationere tonse usiku umodzi. Tinapangidwa kuti tizionedwa pang'onopang'ono, ndipo mukatiunjika mutopa nato, chifukwa mitundu yake imabwerezabwereza. Tiwiri kapena titatu pa tsiku n'tokwanira, ndipo bandulo siilira.

Ndisakunamizeni kuti tonse n'tabwino mofanana. Tina timadalira kuti mudziwe ma Rider a m'ma 1970 ndi 1980, monga V3, Amazon, Stronger ndi Black, ndipo ngati simunawaone muzingoyang'ana anthu akuseka inu muli duu. Tina timaseweretsa mawu a Chijapani amene omasulira amavutika nawo, moti mawu a pansi pa kanema amatalika kuposa nthabwalayo. Timeneto dumphani, mudzabwerera mukadziwa zambiri. Koma ta Kirihiko ndi ta kujambula sitifuna maphunziro ena alionse kupatula W yomweyo.

Mwafunsanso ngati mwana wanu angaonere nanu. Zolaula mulibe, koma ana aang'ono amakhulupirira kuti Shotaro ndi Philip ndi amene alidi m'chigoba chija, ndipo tizidutswa tina timaulula poyera kuti si choncho. Ngati akadali pa msinkhu womanga lamba wa katoni m'chiuno n'kumafuula kuti akusandulika, muoneni kaye mmene alili. Musiyeni amalize seweroli ndi inu, aone zimene zidzachitikire Philip m'magawo omaliza, ndipo za Takaiwa mudzamuuze akadzafunsa yekha kuti kodi m'katimo mumakhala ndani.