Kafukufuku wa malasha ndi utuchi: kodi mwana wanu adzapeza naye ntchito?

Mayi wina wa ku Katoto wafunsa ngati mwana wake wamkazi, amene akuphunzira za mphamvu pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), sakutaya nthawi posankha kafukufuku wa kuyatsa malasha pamodzi ndi zinyalala za zomera mu mpweya wochuluka okosijeni.

Mayi, mutuwu ndi wabwino, koma ndi waukulu kuposa chaka chimodzi cha wophunzira. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo pafupifupi 78 peresenti ndi naitirojeni, amene m'ng'anjo amangodutsa n'kukasukulutsa utsi. Mu njira imene mwana wanu akunena, naitirojeniyo amachotsedwa moto usanayake, ndipo okosijeni amasakanizidwa ndi gawo la utsi wobwezeredwa m'ng'anjo kuti kutentha kusapyole muyezo. Utsi wotuluka umakhala makamaka carbon dioxide (mpweya umene ukuwonjezera kutentha kwa dziko) ndi nthunzi, choncho nthunziyo ikasanduka madzi, carbon dioxide savuta kumugwira ndi kumusunga. Vuto ndi lakuti makina olekanitsa okosijeni amadya magetsi ochuluka. Kampani ya Vattenfall inayesa njirayi ku Schwarze Pumpe m'dziko la Germany kuyambira 2008, ndipo inayesedwanso ku Callide m'dziko la Australia, koma kuno kwathu, kumene magetsi ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, kulibe ng'anjo yotere.

Gawo limene ndikuona kuti lili ndi phindu kwa iye ndi la kusakaniza. Malasha amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, utuchi umaunjikana pamalo ochekera matabwa ku Chikangawa, ndipo mankhusu a mpunga ndi osasowa ku Karonga. Zomera zambiri zili ndi sulufule wochepa poyerekeza ndi malasha, motero zikalowa m'malo mwa gawo la malashawo, sulphur dioxide, mpweya woipa wochokera ku sulufuleyo, amachepa mu utsi. Komabe zotsalira za mbewu zimakhala ndi potaziyamu ndi klorini, zomwe zimachititsa phulusa kumatirira pa mapaipi a boila (makina owiritsa madzi kuti apange nthunzi), kuuma ngati chikhakha, kenako chitsulo n'kumadyeka pansi pake. Utuchi wonyowa, ngati umene wagona panja nyengo ya chiperoni, umafooketsanso moto chifukwa kutentha kwina kumathera poumitsa madziwo. Mafunso a kuchuluka kwa utuchi woyenera kuthira, ndi mmene phulusa likusinthira, angathe kuyankhidwa ndi sikelo, uvuni woumitsira ndi ng'anjo yaing'ono ya mu labotale.

Ndikulangiza kuti akambirane ndi omuyang'anira kuti achepetse mutuwo: ayeze chinyezi, phulusa ndi utsi wa zosakaniza zingapo mu mpweya wamba, ndipo za okosijeni azichite mwa kuwerengera pa kompyuta. Luso loyeza zinthu zoyatsa ndi utsi wake ndi limene limafunika m'mafakitale a simenti, tiyi, fodya ndi shuga, komanso ku mabungwe monga MEPA, loteteza chilengedwe, ndi Malawi Bureau of Standards. Ngati mtima wake udzakhalebe pa okosijeniyo, imeneyo ndi nkhani ya digiri yachiwiri kunja, ndipo kumeneko adzayang'ana kwambiri mmene anakhozera thermodynamics (phunziro la kutentha ndi mphamvu), chemistry ndi masamu. Muzimufunsa za magiredi a maphunziro amenewa kuyambira tsopano, ndipo pa tchuthi chikubwerachi afunefune fakitale yokhala ndi boila kuti akachitireko atachimenti.