MGB ya malume ku Nchalo: V8 iyambe yadikira

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Malume awo anawasiyira MGB ya 1972, galimoto yaing'ono ya kampani ya MG ya ku Britain, yomwe yakhala mu shedi zaka zambiri, ndipo madzi a namondwe Freddy mu 2023 anafika mpaka m'mipando. Akufuna kuidzutsa yonse, kenako achotse injini yake aikemo V8, injini yaikulu ya masilinda asanu ndi atatu. Akufunsa poyambira.

Achimwene, boneti musaitsegule kaye, gwadani muone pansi. MGB ilibe chesisi yapayokha ngati lole. Bodi yakeyo ndiye msana wake, ndipo mphamvu zambiri zili m'zitsulo zoyenda pansi pa zitseko, zomwe amakaniko amati ma sill. Matope akalowa mmenemo satuluka. Amasunga chinyontho, dzimbiri n'kumadya chamkati kunja penti ikuwala. Yendetsani maginito m'mbali monsemo. Pomwe akukana kugwira, wina anamata bowo. Mukatero ikwezeni pa jeke n'kutsegula zitseko. Zikayamba kukhula, bodi ikupindika. Wowotcherera wanu asadule sill asanawotcherere zitsulo zogwirizira pamalo a zitseko, apo ayi sizidzatsekekanso bwino. Ndalama zanu zambiri zithera pamenepa, ndipo m'pomwe ziyenera kuthera.

Poti inamwa madzi, musayese kuiliza ngakhale kamodzi. Khuthulani oyilo wa mu injini, mu giyabokosi ndi mu difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo. Mawaya onse, mapayipi a mabuleki ndi matayala zikhale zatsopano.

Tsopano za V8. Maganizo anu si achilendo. MG eni ake anapanga MGB GT V8 kuyambira 1973 mpaka 1976, ndi injini ya Rover ya 3528cc, ya aluminiyamu, yosalemera kuposa yomwe muli nayoyo. Koma malo okwana injini imeneyi ali m'magalimoto a mabampa a labala, omwe anayamba kutuluka chakumapeto kwa 1974. Yanu ya 1972 ifuna kudula ndi kuumbanso zitsulo za mu boneti, kusintha njira ya chiwongolero, giyabokosi ina, magiya ena a mu difu ndi ladiyeta ina.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Ife a kuchigwa timaudziwa Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Ganizirani V8 yopanikizika mu boneti yaing'ono, mutawoloka mlatho wa Kamuzu, mwadutsa pa Thabwa, mukukwera zikweza za ku Blantyre kumbuyo kwa thiraki ya shuga, pa giya yachiwiri, mphepo isakulowa. Ndaonapo magalimoto atsopano atayima pamakona amenewo nthunzi ili tolo.

Ine ndikanasunga ya 1798cc yomwe inabwera nayo. Ndi injini yolimba, yosavuta, yomwe makaniko wodziwa magalimoto akale aimasula popanda kompyuta. Iboledwe, ilandire mapisitoni ndi mabeyaringi atsopano. Pa hedi aikepo mipando ya mavalavu yolimba, chifukwa injiniyi inapangidwira petulo wakale wa mtovu yemwe kulibenso. Makabuleta awiri a mtundu wa SU akonzedwe n'kulinganizidwa, mapointi oyatsira moto ku mapulagi alowedwe m'malo ndi choyatsira chamakono, electronic ignition. Ladiyeta ilukidwenso ndi mizere yowonjezera, muikenso fani yamagetsi ndi choziziritsa oyilo. Mukapeza giyabokosi ya overdrive, yokhala ndi giya yowonjezera ya pamwamba, gulani msanga. Pamsewu wautali wa ku Bangula ndi Nsanje injini imapuma, mafuta n'kumapita pang'ono.

Musaiwale petulo wathu. Kuno amasakaniza ndi ethanol, wina amapangidwa konkuno ku PressCane pa Dyeratu. Galimoto zamakono sizidandaula naye, koma labala wa 1972 amafewa n'kung'ambika, ndipo ethanol amakoka chinyontho mu thanki galimoto ikakhalitsa osayenda. Mapayipi onse a mafuta musinthe, thanki muitsuke kapena mugule ina.

Chomaliza ndi mapepala, koma muchite choyamba. Ngati blue book idakali m'dzina la malume, konzani zimenezo ku Road Traffic musanagule sipeya ngakhale imodzi, ndipo achibale agwirizane kuti galimotoyo ndi yanu. Mukadzasintha injini, nambala yake iyeneranso kukalembetsedwa komweko.

Nditumizireni zithunzi za pansi pa zitseko zonse ziwiri, pansi pa mipando, ndi kuseri kwa mipando komwe kumakhala mabatire awiri a 6 volts. Ndikaziona ndikuuzani ngati wowotcherera ayambe ndi kumanzere kapena kumanja.