Mwana wa Sitandade 2 akugonera pa kope: homuweki yochuluka chonchi imathandizadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Ndaifupikitsa pang'ono, ndipo dzina lawo ndi la sukulu sinditchula. Akuti:

"Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7, ali Sitandade 2 pa sukulu ina yapulayiveti. Tsiku lililonse amabwera ndi homuweki ya maphunziro atatu kapena anayi. Ine ndimagwira ntchito ku Old Town, pakhomo ndimafika cha m'ma 6 koloko. Ndiphike, tidye, 7 koloko tiyambe kulimbana ndi makope mpaka 9 koloko. Mwana amalira, ine ndimakalipa, masiku ena amagona pensulo ili m'manja. M'mawa amadzuka 5 koloko chifukwa basi ya sukulu imalawirira. Bambo ake akuti ndisamulekerere, m'mera mpoyamba. Kodi zimenezi zikumuthandiza kapena tikungomuzunza?"

Amayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi kukumasulani: maola awiri usiku uliwonse kwa mwana wa zaka 7 ndi katundu woposa msinkhu wake, ndipo kuchuluka koteroko sikumene kumakweza mwana m'kalasi. Komabe musathamangire kubisa makopewo, chifukwa bambo akewo ali ndi mfundo yawo. Ndifika pamenepo.

Nkhaniyi anthu anaifufuza kwambiri. Amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Harris Cooper wa pa yunivesite ya Duke ku America. Mu 2006 iye ndi anzake awiri anaunika pamodzi kafukufuku wosiyanasiyana amene anachitika pakati pa 1987 ndi 2003. Kwa ana akuluakulu, a msinkhu wa sekondale, anapeza kuti amene amathera nthawi yambiri pa homuweki amakonda kukhoza bwino. Kwa ana a pulayimale, mgwirizano wa nthawi ya homuweki ndi malikisi unali wochepa kwambiri, pafupifupi wosaoneka. Chimene chinaoneka kuti chikuthandiza ana aang'ono ndi kantchito kakafupi kobwereza zomwe aphunzira kale m'kalasi. John Hattie wa ku New Zealand, amene anasonkhanitsanso kafukufuku wambirimbiri wa maphunziro, anafika pa mfundo yomweyo: phindu la homuweki ndi lalikulu ku sekondale, laling'ono ku pulayimale.

Cooper yemweyo ndi amene anatchukitsa muyezo wa mphindi 10 pa kalasi iliyonse. Kuutengera kwathu kuno, ndiye kuti Sitandade 1 mphindi 10, Sitandade 2 mphindi 20, mpaka Sitandade 8 mphindi 80, maphunziro onse pamodzi. Mwana wanu akukhala mphindi 120. Werengani nokha, ndi kasanu ndi kamodzi kuposa muyezowo.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa aliyense amene anakhalapo ndi mwana wa zaka 7 pa mkeka. Maganizo ake sakhala pamodzi nthawi yaitali. Galu akauwa panja, mutu wapita konko. Sanafike podziwa yekha kuti apa ndamva, apa sindinamve. Akalakwitsa samu yoyamba, zotsalazo khumi ndi zisanu ndi zinayi azilakwitsa mofanana, ndipo pofika pa yomaliza cholakwikacho chakhazikika m'mutu ngati chowona. Mwana wa Fomu 3 amatha kubwerera m'buku n'kudzikonza. Wa Sitandade 2 ayi.

Maiko ena anachita kuikapo malamulo. Ku France homuweki yolemba m'sukulu za pulayimale inaletsedwa kale mu 1956, ngakhale aphunzitsi ambiri amaperekabe. China, dziko lodziwika ndi kupanikiza ana pa sukulu, mu 2021 linalamula kuti ana a makalasi awiri oyambirira asamapatsidwe homuweki yolemba, ndipo a kalasi yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi isamapitirire ola limodzi. Poland anachita zofananako mu 2024. Sindikuti tizingotengera zonse za kunja. Ndangofuna muone kuti si ulesi wanu umene ukukupangitsani kufunsa.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa Lilongwe ali ndi mavuto awiri osiyana pa nkhani yomweyi.

Ku sukulu za boma vuto si kuchuluka kwa homuweki kwenikweni. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi sanapumepo. Cholinga cha boma ndi mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma mu mzinda muno makalasi a ana 100 si nkhani yodabwitsa, makamaka m'makalasi ang'onoang'ono. Tiyerekeze mphunzitsi wapereka homuweki kwa ana 100, ndipo kope lililonse alichonge mphindi ziwiri zokha. Ndi maola atatu ndi mphindi 20, phunziro limodzi. Adzaipeza kuti nthawi imeneyo? Mapeto ake amangodutsamo ndi cholembera chofiira, kapena ana amasinthana makope n'kuchongerana. Homuweki imene palibe waiyang'ana n'kumuuza mwana pamene waphonya, yangodya pepala.

Ndiye pali za kuwala. Mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira ndi tochi za mabatire, ndipo ngakhale ife okhala ndi magetsi timadziwa mmene amachitira nthawi ya chakudya chamadzulo. Mwana wa ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Mgona akaweruka, kukumudikira chigubu chopita nacho ku kiyosiki, mbaula yoti ayatse, mng'ono wake woti abereke, mwinanso beseni la mandasi. Mawa lake akafika wosalemba, amapatsidwa chibalo chosesa kapena kutchetcha pamene anzake akuphunzira. Walephera kulemba chifukwa cha umphawi, ndipo chilango chake ndi kuphonyanso phunziro. Zimenezi zimandipweteka mtima kuposa zina zonse pa nkhaniyi.

Ku sukulu zolipira, ngati ya mwana wanu, vuto latembenuka, ndipo apa makolofe tisadzichotsemo. Ndinakhalapo pa msonkhano wa makolo pamene bambo wina anaimirira n'kudandaula kuti mwana wake wa Sitandade 1 akumabwera ndi tsamba limodzi lokha, pamene sukulu ya tsidya lina ikupereka masamba anayi. Anthu anaomba m'manja. Ahedi analemba m'kabuku kawo. Teremu yotsatira zikwama zinalemera. Tikalipira fizi timafuna kuona ndi maso kuti ndalama ikugwira ntchito, ndipo chooneka msanga ndi kope lodzaza. Sukulu nazo zimadziwa kuti kholo likaona ntchito yochepa lisamutsa mwana. Walira mvula walira matope; matope ake ndi amene mukuwaponda inuwo 9 koloko ya usiku.

Ndikuuzeni zanga, kuti musaone ngati ndikulankhula ndili pa mpando wa oweruza. Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 3 anabwera ndi masamu ochotsera, aja obwereka. Magetsi anali atathima, tinali pa tochi ya foni nditaitsamiritsa ku botolo la sobo. Ndinamuonetsa njira imene anatiphunzitsa ife kale. Iye anati, "Adadi, aphunzitsi sanatero." Ndinati yankho ndi lomwelo. Anati ayi. Misozi inayamba kudontha pa kope mpaka manambala anafufutika. Nditatopa, ndinatenga pepala lina, ndinalemba mayankho onse, iye n'kungokopera. Mawa lake kope linabwera zonse zitachongedwa, koma m'munsi aphunzitsi analembamo mawu ochepa ondiyamikira ineyo kuti ndakhoza, ndi kupempha kuti ulendo wina alembe mwini wake. Manyazi ake sindidzaiwala. Koma chimene chinandiluma pambuyo pake ndi ichi: ndikanasiya masamuwo olakwika, aphunzitsi akanadziwa kuti mwanayu kubwereka sanakumve. Ine ndinabisa matenda kwa sing'anga.

Mikangano yotereyi si ya m'nyumba mwanu mokha. Kafukufuku wina wa mu 2015 ku Rhode Island, ku America, anafunsa makolo oposa 1,100. Anapeza kuti ana a kalasi yoyamba ankapatsidwa pafupifupi katatu kuposa muyezo uja wa mphindi 10, ndipo nkhawa m'banja inkakula kwambiri pamene kholo likudziona kuti silingathe kuthandiza. Kuno onjezerani Chingerezi. Ana ambiri masana amakhala ndi agogo kapena mtsikana wantchito, ndipo malangizo a homuweki alembedwa m'chilankhulo chimene pakhomopo palibe amachilankhula. Ndiye zonse zimadikira amayi atsike minibasi.

Za tulo ndiye musazitenge mopepuka. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12. Wanu akamaliza 9 koloko, asambe m'manja, alongedze, agone cha m'ma hafu pasiti 9, n'kudzuka 5 koloko, wagona maola asanu ndi awiri ndi theka. Mwana wosagona mokwanira m'kalasi amangoyang'ana bolodi, mawu a aphunzitsi akumudutsa. Kenako madzulo sadziwa poyambira, homuweki itenganso maola awiri, agonenso mochedwa. Mukulipira fizi kuti aphunzire m'mawa, koma m'mawawo mukuugulitsa usiku. Ndipo m'kalata yanu yonse sindinaonemo pamene mwanayu amasewera. Phada, fulaye, jingo, masanje, zonsezi ndi za msinkhu wake, ndipo mu phada muli kuwerenga kwambiri kuposa mmene timaganizira.

Nanga mutani?

Sabata ino musasinthe chilichonse, koma muzilemba kuseri kwa kope nthawi imene wayamba ndi imene wamaliza, ndi pamene wakakamira. Mukapita ku sukulu muli ndi manambala m'manja, nkhani imayenda mosiyana ndi kungoti "ntchito yachuluka." Mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi lakelo kaye, pamaso, mwaulemu. Musayambire kwa ahedi, ndipo chonde musayambire pa gulu la WhatsApp la makolo, kumene nkhani ya homuweki imasanduka ya fizi pasanathe mphindi khumi. Muwafunse kuti, "Aphunzitsi, ntchitoyi inuyo mumayembekezera kuti imutengere mphindi zingati?" Kawirikawiri mphunzitsi wa masamu sadziwa zimene wa Chingerezi wapereka, aliyense amaona ngati yake ndi yochepa. Ndipo akakuyankhani kuti mphindi 20 pamene kwanu ikutenga maola awiri, mwapeza nkhani ina yofunika kwambiri: mwina pali zimene sanamve kuchokera m'mbuyo, mwinanso sakuona bwino pa bolodi kapena sakumva bwino. Zotero n'zoyenera kukapimitsa maso ndi makutu ku chipatala.

Mugwirizane nawo malire. Ine ndingati theka la ola likakwana, kope litsekedwe, inu mulembe m'munsi kuti walekezera apa, apa panamuvuta, n'kusaina. Mphunzitsi wabwino kalata yotere amaikonda, chifukwa imamuuza poyambira mawa. Ngati n'kotheka, ntchitoyo izichitika masana kukuwala, atadya ndi kusewerako, pa malo amodzimodzi tsiku lililonse, inu mukafika muzingoona. Pensulo musaigwire.

Nthawi imene mwapulumutsayo, mphindi 15 muzipereke ku kuwerenga mokweza. Pa zonse zimene mwana wamng'ono angachite pakhomo, ichi ndi chimene ndingachiikire kumbuyo popanda mantha. Boma lomwe, poyambitsa ndondomeko yake yophunzitsa kuwerenga m'dziko lonse mu 2016, linalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4, pa maliwu a malembo ndi maphatikizo, chifukwa mwana wosatha kuwerenga amavutika ndi phunziro lililonse, masamu omwe. Awerenge Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Wodziwa kuphatikiza ba, be, bi, bo, bu savutika kuwolokera ku chilankhulo china. Mabuku akasowa, pali Baibulo, buku la nyimbo, nyuzipepala yakale, paketi ya shuga, zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa M1. Loweruka lina mupite naye ku National Library ku City Centre. Masamu nawo ali paliponse: zitsekerero za mabotolo, milu ya tomato pa msika wa Nsungwi, chenji cha kondakitala.

Tsopano kwa bambo ake, ndipo muwaonetse ndime ino. Bambo, m'mera mpoyambadi, sindikutsutsani. Mwana azolowere kuti pali nthawi yokhala pansi ndi kope, chifukwa akadzafika Sitandade 7 ndi 8, mayeso a MANEB ali pafupi, chizolowezi chimenecho chidzamunyamula, ndipo nthawi imeneyo ola lathunthu ndi lomuyenera. Koma chizolowezi chimamangidwa ndi mphindi 20 za tsiku ndi tsiku zimene mwana amamaliza n'kunyadira. Mmera womwewo mukauthira feteleza wa chimanga chofika m'chiuno umapsa. Chimene mwana wanuyu akuphunzira panopa usiku uliwonse n'chakuti buku limabwera ndi misozi ndiponso ukali wa amayi ake. Ndikupempheni chinthu chimodzi: Lachiwiri ndi Lachinayi mukhale naye ndinu pa kopepo, amayi ake apume. Mukatha sabata ziwiri, mudzakambirane kuti maola awiri aja mukuwaonabe bwanji.

Amayi, mukakumana ndi aphunzitsiwo mudzandilemberenso. Ndikufunitsitsa kumva nambala ya mphindi imene adzatchule.