Vinyo wofiira wa kosher: kakomedwe kake ndi mmene timamubweretsera kuchokera ku Joni

Achemwali, mwati alendo ena a ku loji kwanu kunyanja akumafunsa vinyo wofiira wa kosher, kutanthauza wololedwa m'malamulo a chipembedzo cha Chiyuda, wokhwimira m'migolo ya thundu, ndipo mukufuna kudziwa kuti vinyo ameneyu amakoma bwanji, timamupikula kuti, komanso ngati geni yake ingakudyetseni. Poyamba dziwani kuti mu botolo limodzi mukhala mukugulitsa zinthu ziwiri: kakomedwe, ndi chidindo chotsimikiza kuti vinyoyo sanakhudzidwe ndi dzanja losayenera. Zonsezi zimatha kuonongeka panjira, katundu ali m'manja mwa ife onyamula.

Ambiri kuno amaganiza kuti kosher ndi vinyo wodalitsidwa kapena wopanda mowa. Ayi. Ndi vinyo woledzeretsa ngati wina aliyense, mphamvu yake nthawi zambiri imakhala pakati pa 13 ndi 14.5 peresenti, ndipo musamuuze Msilamu kuti ndi halal. Chomusiyanitsa ndi manja amene amugwira. Kuyambira pamene mphesa zafinyidwa mpaka botolo litatsekedwa, ogwira vinyoyo, mapampu ndi migolo amayenera kukhala Ayuda osunga Sabata, pansi pa woyang'anira wotchedwa mashgiach. Ngakhale katswiri wopanga vinyo, ngati sali wosunga Sabata, sangatunge yekha mu mgolo kuti alawe. Amapempha kuti amutungire. Zoyeretsera vinyo nazo zimasankhidwa: gelatin wa nyama zosaloledwa sathira, ambiri amagwiritsa ntchito dongo la bentonite. Vinyo wa ku Israel ali ndi malamulo owonjezera a nthaka: mphesa za zaka zitatu zoyamba za mpesa sazigwiritsa ntchito, ndipo chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse munda umayenera kupuma. Chaka chotere chapitachi chinali 2021 mpaka 2022, choncho ogula ena osamala kwambiri amakana vinyo wa ku Israel wolembedwa 2022. Funsani kaye musanaode.

Tsopano kakomedwe. Ena amati vinyo wa kosher ndi wotsekemera ngati manyuchi. Mbiri imeneyo inachokera ku America, kumene Ayuda osamukira kumeneko anapeza mphesa ya Concord, yowawasa kwambiri moti ankathiramo shuga wambiri, ndipo vinyo wotchedwa Manischewitz ndi wa mtundu umenewo. Amene alendo anu akufunsa si ameneyo. Akufuna vinyo wosatsekemera, wa mphesa monga Cabernet Sauvignon, Merlot, Shiraz kapena Pinotage, amene wagona mu mgolo miyezi yambiri.

Mgolo wake wodziwika umalowa malita 225, ndiye kuti mabotolo 300. Poupanga amawauliza mkati mwake pamoto, ndipo kuwaula kumeneko ndi kumene kumabwera m'mphuno mukanunkhiza tambula: vanila, khofi wokazinga, kautsi pang'ono, nthawi zina chokoleti. Thundu wa ku France amapereka fungo lofatsa lokhala ngati zokometsera ndiwo. Wa ku America amamveka msanga, vanila wake ndi wochuluka, ndipo amabweretsa kafungo ka kokonati. Pansi pa zonsezi payenera kumveka chipatso, mabulosi akuda ndi mapulamu akupsa. Ngati mukumva thabwa lokhalokha, chipatso osachipeza, vinyoyo ndi wosapangidwa bwino, kaya mtengo wake ukwere chotani. Ine woteroyo sindimunyamula.

Koma ntchito yaikulu ya mgolo imamveka pa lilime. Vinyo wofiira wosakhwima amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wochuluka masamba wopanda shuga. Zimenezo zimachokera ku makungu ndi njere za mphesa. Thabwa limalowetsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi kuuma kuja kumafewa, mtundu umakhazikika, vinyo amadzaza m'kamwa ndipo kakomedwe kamatsalira pakhosi mutameza kale. Chitsanzo chabwino ndi Yarden Cabernet Sauvignon wa Golan Heights Winery, kampani imene inayamba mu 1983. Amakhala pafupifupi chaka ndi theka m'migolo ya thundu wa ku France, ndipo akatuluka amakhala wakuda bii, wolemera, wofuna nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yootcha pambali pake. Pa chambo ayi, amachiphimba. Mgolo watsopano ndi wokwera mtengo ndipo ukagwira ntchito katatu kapena kanayi fungo lake limatha, komanso opanga kosher sangangotola mgolo umene munali vinyo wamba. N'chifukwa chake vinyo wotsika mtengo nthawi zambiri amangomuviikira timatabwa ta thundu mu thanki. Si chinyengo, ndipo amamweka bwino, koma kufewa kwa mu mgolo alibe. Pa botolo pakalembedwa miyezi imene wakhala mu mgolo, mukudziwa chimene mukulipira.

Pali chinthu chimodzi chimene inu a loji muyenera kuchigwiritsa. Mabotolo ena amalembedwa mevushal. Ameneyo anatenthetsedwa mwachangu, madigiri oposa 70, aphunzitsi ena a chipembedzo cha Chiyuda amafuna afike pafupi ndi 90, kenaka n'kuziziritsidwa nthawi yomweyo. Vinyo wotere aliyense akhoza kumutsegula ndi kumuthira, amakhalabe kosher. Wosalembedwa choncho mukhoza kumunyamula ali wotseka popanda vuto, koma wantchito wanu wosakhala Myuda akangomutsegula n'kuthira, kwa mlendo wosunga malamulo vinyoyo watha ntchito. Choncho wa patebulo la loji mugule mevushal. Winayo muzimupereka ali wotseka, pamodzi ndi chotsegulira, mlendo atsegule yekha. Odziwa amati kutenthetsa kumachepetsako fungo la chipatso ndipo vinyoyo sakhalitsa zaka zambiri, n'chifukwa chake opanga ambiri satenthetsa vinyo wawo wapamwamba. Kwa ine, pa vinyo womwedwa chaka chino kapena chamawa, kusiyana kwake n'kochepa.

Kopikula ndi ku Joni. Ayuda ambiri a ku South Africa amakhala m'madera a Glenhazel, Sydenham ndi Norwood, ndipo masitolo a zakudya ndi zakumwa za kosher ali konko. Musakonze zogula Lachisanu madzulo kapena Loweruka, ambiri amakhala otseka chifukwa cha Sabata. Vinyo wa kosher wa m'dzikomo amachokera ku Western Cape. Backsberg, imene banja la Back lochokera ku Lithuania linayambitsa mu 1916 pafupi ndi Paarl, ili ndi Merlot ndi Pinotage wa kosher, ndipo ku Paarl komweko kuli dzina la Kleine Draken lodziwika ndi vinyo wa kosher. Pinotage ndi mphesa ya komweko, Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo ikakumana ndi thundu wowaulidwa kwambiri imatulutsa fungo la khofi limene Amalawi ambiri amalikonda akangolawa koyamba. Pa botolo lililonse yang'anani chidindo cha Beth Din (bwalo la chipembedzo cha Chiyuda) kapena cha OU (bungwe la ku America lotsimikiza za kosher), ndipo ngati ndi wa Pasaka wa Chiyuda payenera kulembedwa kuti ndi woyenera Pesach. Mlendo akakuuzani chidindo chimene iye amavomereza, tsatirani chomwecho, musamutsutse.

Msika wake uli ndi nyengo. Pesach imagwa mu Malichi kapena Epulo, ndipo pa chakudya cha usiku woyamba munthu aliyense amamwa zikho zinayi. Rosh Hashanah, Chaka Chatsopano cha Chiyuda, imagwa mu Sepitembala kapena koyambirira kwa Okutobala. Masabata otsogolera masiku amenewa katundu amachuluka m'masitolo a ku Joni koma amathanso msanga.

Za pa boda, musamvere amene amati mowa umadutsa ngati zovala za m'chikwama. Mabotolo ogulitsa amafuna TPIN ya ku MRA, malisiti enieni, ndi ajenti wokiliya katundu. Vinyo amalipira msonkho wolowetsera katundu, excise ndi VAT, ndipo milingo yake imasintha ndi bajeti, choncho ajenti akuwerengereni musanapereke randi imodzi ku sitolo. Njira yofewetsedwa ya COMESA yokiliyira katundu wa amalonda ang'onoang'ono imene timagwiritsa ntchito pa Mchinji siikuthandizani apa, chifukwa South Africa sili mu COMESA. Chimene chingachepetse msonkho wolowetsera ndi satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu anapangidwa, ndipo imagwira pa vinyo wa ku Cape yekha. Yarden, ngakhale mwamugula ku Glenhazel, amawerengedwa wa ku Israel. Apa mpamene ambiri amadabwa kuti mabotolo awiri a mtengo wofanana ku Joni afika ku Blantyre wina atakwera kwambiri. VAT ya 15 peresenti imene mwalipira ku South Africa mukhoza kuitanitsa kuti ikubwerereni potuluka pa Beitbridge, ngati malisiti ali m'dzina lanu ndipo katundu waonetsedwa. Zimachedwa, ndiye musaiwerengere pa mpamba wa ulendo wotsatira. Kuno kwathu mufunika layisensi ya mowa ya ku khonsolo. Pa chipata oyang'anira ali ndi ufulu wotsegula katoni. Pemphani mwaulemu kuti awerenge mabotolo ndi kuona malisiti popanda kuthyola chotsekera, chifukwa botolo lothyoledwa chidindo simungaligulitsenso ngati kosher.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa msonkho ndi dzuwa. Njira yathu ndi Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenaka Zobue kulowa Mwanza, kapena Calomue kulowa Dedza. Beitbridge ndi Tete kumatentha koopsa, mu Okutobala ndi Novembala madigiri amafika 40, ndipo thiraki ikaima pamzere tsiku lonse, pansi pa tenti pamatentha kuposa pamenepo. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 18. Akapsa ndi dzuwa amafutukuka n'kukankha chotsekera, khosi la botolo limanyata, ndipo fungo la mabulosi lija limasanduka la zipatso zophikidwa. Miyezi yonse ija ya mu mgolo imatha masana amodzi. Choncho ndimanyamula pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Wa Rosh Hashanah alowe mu Julayi, ndipo wa Pesach ngati n'kotheka agulidwe nyengo yozizira yapitayo. Makatoni akhale pakati pa katundu wina, pansi, kutali ndi injini ndi tenti, mabotolo ataimirira. Katoni ya mabotolo 12 imalemera makilo 15 kapena kuposerapo, ndipo matransipota amalipiritsa kulemera, ndiye vinyo wotsika mtengo amadyedwa ndi thiransipoti.

Kodi ingakudyetseni? Payokha ayi. Ayuda okhala m'Malawi ndi ochepa kwambiri. Ogula anu ndi alendo ochokera ku Joni ndi ku Israel, mahotela angapo a ku Lilongwe, Blantyre ndi kunyanja, ndi Akhristu ena ofuna vinyo wa ku Dziko Loyera. Ndalama zakunja n'zosowa, ndipo amene tinali ndi maoda mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, tikudziwa mmene phindu limasungunukira katundu ali panjira. Ine vinyoyu ndimangomuonjezera pa katundu wanga wa masiku onse, makatoni ochepa, ndipo wokwera mtengo ndimagula pokhapokha woitanitsa atapereka theka. Yambani ndi Merlot kapena Pinotage wa ku Cape wolembedwa mevushal, chifukwa ngakhale mlendo wa kosher atapanda kubwera, alendo ena amumwa.

Akafika ku loji, m'chipinda chosungira mukhale mdima ndi mozizira, osati pa shelefu ya bala yoyang'ana dzuwa la kunyanja. Wa chotsekera cha koko (cork) agonekedwe, wa chopotokola aimirire. Musanapereke, muikeni mu filiji mphindi 20, chifukwa kutentha kwa ku Mangochi kumapangitsa kuti mowa uzimveka kuposa chipatso. Mundiuze mabotolo amene mukufuna ndi chidindo chimene alendowo anatchula, ndifunse mitengo ku Glenhazel ndisananyamuke.