Chaulere kapena chisomo: mwana timuphunzitse liwu liti?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Chawama, mu Lusaka. Akuti: "Ine ndine Mkatolika, bambo akunyumba ndi a Reformed Church. Mwana wathu wandifunsa chifukwa chake ife timati 'Tikuoneni Mariya wa chaulere chodzaza' pomwe kwa bambo ake amangoti chisomo. Mnzanga amene timagulitsa naye ku msika wa Soweto akuti chaulere ndi mawu onyozetsa, oyenera salaula wotsalira, osati zinthu za Mulungu. Olondola ndi ati?"

Mayi, mwanayo ali ndi khutu labwino, musamuletse kufunsa. Mawu onse awiriwa akumasulira liwu limodzi la Chigiriki, charis, limene Chilatini chinati gratia. Anasiyana ndi omasulira. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linasankha chisomo. Akatolika anatenga chaulere m'mapemphero ndi m'katekisimu, mpaka m'Baibulo lawo la Malembo Oyera la 1966.

Chisomo ndi liwu lokoma, sindikana. Koma kumudzi lisanalowe m'tchalitchi linali ndi ntchito yake. Agogo anga ku Katete ankati akaona mwana amene aliyense akufuna kumunyamula, ankati, "Uyu ngwachisomo." Mayi amene mowa wake umatha dzuwa lisanapendeke, anzake akadali chikhalire ndi mitsuko yodzaza, ankatinso ali ndi chisomo. Ndi kanthu kamene kali pa munthu, kokopa anthu, koyandikana ndi mwayi. Ndiye munthu akamva kuti tinapulumuka ndi chisomo, akhoza kuganiza kuti Mulungu anaona kena kake kokongola pa ife.

Apa mpamene ine ndimaimira chaulere, ndipo mnzanu wa ku Soweto ndikumupempha aganizenso. Iye amadziwa bwino kusiyana kwa mbasela ndi ulere. Mbasela amapatsa munthu amene wagula: watenga milu itatu ya tomato, wogulitsa nkuponyamo awiri pamwamba. Ulere ndi wa munthu amene wafika chimanjamanja, alibe ngakhale ngwee imodzi, nabwerera atanyamula. Akhristu ambiri, ngakhale ife a Misa ya m'mawa, timakhala ngati Mulungu amapereka mbasela: ndasala, ndapereka chakhumi, ndayendera odwala, tsopano andiwonjezere. Paulo pa Aefeso 2:8-9 akukana zimenezo. Akuti chipulumutso ndi mphatso ya Mulungu, sichichokera ku ntchito zathu, kuti wina asadzitame. Ndi liwu liti m'chinenero chathu limene linganene zimenezi mosabisa kuposa chaulere? Mnzanuyo akumva manyazi ndi liwuli chifukwa kulandira chinthu chosagwirira ntchito kumachititsa manyazi. Manyazi amenewo ndi omwe munthu amamva atagwada m'kalapidwe, atatchula machimo ake onse, nkumva wansembe akuti akhululukidwa popanda kulipira kanthu.

Ndiwonjezepo maganizo anga akalekale. Ine ndimakhulupirira kuti ulere ndi kulera ndi pachibale. Khanda silimagula bere. Silinalime, silinatunge madzi, usiku wonse lalira, koma kukacha amalisambitsa, nkuliyamwitsa, nkulibereka. Akatekisiti amene anatikonzekeretsa Ukaristiya woyamba ankatifunsa mmodzimmodzi kuti, "Iwe, unawalipira zingati amako?" Tonse tinkangoti zii, kuyang'ana pansi. Iwo nkuti, "Ndicho chaulere chimenecho." Papita zaka zambiri, koma ndikamati "wa chaulere chodzaza" ndimamvabe mawu awo.

Omasulira Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anagwirira limodzi, anaona vuto lomweli la m'nyumba mwanu. M'malo ambiri anasiya mawu onse awiri nkulemba kukoma mtima kwa Mulungu. Ndi zomveka kwa aliyense, ndipo ndikuwalemekeza. Kungoti ndi mawu aatali, ovuta kuwaimba, ndipo ulere uja sukumvekamo kwenikweni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi china. Muno mu Lusaka achinyamata athu sakunenanso chaulere, sakunenanso chisomo. Mumve mu minibasi ya ku Matero: "Ni grace chabe, mudala." Wapeza ntchito, grace. Wagula foni, grace. Liwu lachilendoli alitenga lopanda mizu, ndipo likungotanthauza kuti zinthu zayenda. Tchimo mulibemo, kukhululuka mulibemo, pomwe Paulo pa Aroma 5:20 akuziika pamodzi: pamene uchimo unachuluka, chaulere chinachuluka koposa. Tsiku lina ndinamva mtsikana wa m'kwaya akufotokozera anzake kuti chaulere ndiye kuti mahala. Sanalakwe kwenikweni, koma mahala ndi liwu la pamsika, silinagwadepo.

Mwanayo muphunzitseni onse awiri. Akapita ndi bambo ake aziimba chisomo ndi mtima wonse, popeza zaka zoposa 100 za kulalikira zalipatsa liwulo tanthauzo la m'Baibulo. Koma akamapemphera korona ndi inu madzulo, azinena chaulere, ndipo mumufunse funso la akatekisiti anga lija.