Za mutu wa sitima umene mwana akufuna

Eee, msuweni, ndamva funso lako pa gulupu paja. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike. Ukuti mwana wakuvutitsa kuti umugulire mutu wa sitima wowonjezera mu gemu yake ya pa laputopu, ndiye wabwino ndi uti, eti? Iwe! Iwe amene unkati ukamva hutala ya sitima unkathawira kuseri kwa nkhokwe ya agogo, lero wayamba kufunsa za mitu ya sitima? Aaa, zaka zimasintha anthu.

Koma mawu ako ndawamvetsetsa. Iwe sukufunsa za kugula ayi. Ukufunsa ngati mwanayu sakutaya nthawi, ndiponso ngati ndalama yoti ikanathandiza pa feteleza ipite ku chinthu chosagwirika ndi manja. Ndikukudziwa.

Za kugulazo ndinene mwachidule. Uyambe wamufunsa kuti gemu yake ndi iti kwenikweni. Pali Train Simulator Classic, pali Train Sim World, onsewo ndi a kampani imodzi ya ku England, Dovetail Games, koma mutu wogulira gemu iyi sulowa mu inayo. Trainz ndi ina, ya ku Australia, nayonso ili ndi zakezake. Zambiri zimagulidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi khadi la ku banki, mtengo wake m'madola. Ndipo mitu ina ukagula imafuna kuti ukhale utagula kale njanji yake yoyendapo, ndiye umalipira kawiri. Kuwonjezera apo bandulo, poti zinthuzi ndi zolemera. Train Sim World yokhayo, laputopu ija alamu anabwera nayo ija... mmm, ayi, ingotentha basi.

Dikira kaye. Kodi unamva zimene amalume ananena mwanayu atawaonetsa gemuyo? Unali kukhitchini iwe, pa mwambo wa chiliza uja. Anawakhazika pampando, n'kuwaveka mahedifoni, n'kuyendetsa sitima yake ya ku Germany, yamagetsi, yosalala. Amalume anangokhala duu, maso pa sikilini, kenako n'kuvula mahedifoni aja pang'onopang'ono, amvekere, "Mdzukulu, sitima yakoyi ilibe chifuwa." Tonse kuseka. Iwo osaseka.

Paja amalume njanji iyi anaigwira ndi manja. Pamene inkachoka ku Salima kupita ku Lilongwe, n'kudzafika kuno ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada, iwo anali m'gulu la onyamula miyala ndi zitsulo. Kenako anakhalira pomwepo, kuyenda m'njanji ndi hamala yayitali ija, kugogoda, kumvetsera ngati pena palekeza. Mitu ya nthawi imeneyo inali ya dizilo, yochokera ku Montreal, ku Canada komweko, mtundu wa MX615. Mainjini ake ukawapatsa moto amayamba atulutsa utsi wakuda bii, kenako mpamene mphamvu imabwera. Chifuwa chimene amanena ndi chimenecho. Amalume amati ali m'munda ankadziwa ndi khutu lokha kuti lero mabogi ali ndi katundu kapena ndi opanda kanthu, poti mutu ukakoka zolemera umalira motsika, mokakamira, ndipo mawilo akamadutsa polumikizira zitsulo phokoso lake limakhala lolemera. Mpaka lero ukawapatsa tiyi amakuchitira ndi pakamwa, dugu-dugu-dugu, phewa likugwedezeka.

Ndiye paja nkhani ya jekete. Chaka chilichonse ankati njanji iyi ikupita ku Chipata, mudzaona. Anthu pamsika n'kumawaseka, poti inangothera kumalire kuno, mbali ya Zambia zii. Jekete lawo la bulauni lija analisunga mu sutikesi, amati ndidzavala tsiku limene sitima idzawoloke. Azakhali, ndikunena akunyumba kwawo, analifuna kangapo kuti alipereke kwa achimwene pa nthawi ya mavuto ija, iwo anakana kwamtuwagalu. Zaka 30, msuweni. Mu 2010 njanji ya Mchinji kupita ku Chipata itatsegulidwa, analitulutsa, likununkha mankhwala a njenjete, mabatani osafikanso pamimba. Anavala choncho, kutentha konse kuja, n'kukwera kabaza kupita ku siteshoni. Atabwerako sananene zambiri. Anangoti, "Ndinakuuzani," n'kupempha madzi akumwa.

Eya, ndabwereranso kwa mwana. Tsiku lija amalume atatuluka, iye ananditsatira kumpopi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi ya Mchinji ilipo?" Wamva? Mutu umene akufuna mwanayu si wa ku Britain kapena wa ku America umene wadzaza m'sitolo mwa Dovetail muja. Akufuna wa agogo ake. Akufuna kuti tsiku lina adzawavekenso mahedifoni aja, iwo adzagwedeze mutu. Ameneyo sagulidwa, apange yekha. Choncho usagule.

Ndipo njira ilipo, si maloto. Pali gemu ina, Open Rails, yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Imayendetsa zinthu za Microsoft Train Simulator ya mu 2001, zimene anthu akhala akudzipangira okha kwa zaka zambiri, ndipo siilemera ngati magemu atsopanowa. Mutu wa sitima m'menemo ndi mafayilo angapo basi: lina la thupi lake, lina la penti, lina lolembamo kulemera kwake, mphamvu ndi mabuleki, lina la phokoso. Mwana amayamba ndi chophweka, kutenga mutu wa dizilo waulere wofananako n'kuusintha penti ndi nambala, bola awerenge kaye ngati mwiniwake analola. Akazolowera apite ku Blender, pulogalamu yaulere youmbira zinthu pa kompyuta, aumbe wakewake kuyambira pa mawilo. MX615 ili ndi ma ekiselo 6, zitsulo zija zolumikiza mawilo awiriawiri, awerenge bwino.

Apa mpamene pali sukulu imene ukudera nkhawa ija. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, yofanana ndi ya ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Njanji zambiri za m'magemuwa ndi za 1,435. Akapanda kuwerengera zimenezo mawilo adzalendewera pambali pa zitsulo, adzaona yekha, ndipo adzatenga rula popanda womukalipira. Masamu amene umamukakamiza madzulo aja, adzawafuna yekha.

Penti yake, malo a nyali, mmene dalaivala ankakhalira, zimenezo akafunse amalume, poti kuno sitima siionekanso ngati kale. Apite ndi kope. Awajambulenso mawu pa foni akamachita dugu-dugu ija, kuti akadzapeza phokoso la injini pa intaneti adzakhale ndi poyerekezera. Akafuna kujambula zithunzi ku siteshoni apemphe kaye kwa ogwira ntchito, ndipo asaime pakati pa njanji, umuuze mwamphamvu zimenezo.

Ndiye msuweni, ndalama yako isunge. Ngati ukufuna kumugulira kanthu, mugulire bandulo ndi mausi yabwino, chifukwa Blender ndi kachala pa laputopu sizigwirizana. Mutuwo apange yekha, wa kuno kwathu, amalume akadali ndi mphamvu zofotokoza. Mmm, chinanso... eya. Loweruka umutumize kuno m'mawa, foni itachajidwa, tikapitira limodzi kwa amalume. Ndipo uwauze alamu asiye kubisa chaja ya laputopu m'thumba la mtedza, mwana anandiuza zonse. Wamva? Usagule, abwere Loweruka.