Bambo a ku Kalingalinga, ndalamazo gulirani matabwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene ali ndi shedi ya ukalipentala ku Kalingalinga. Amapanga mabedi, zitseko ndi makabati a kukhitchini. Mphwawo anawapangira webusaiti chaka chatha, yooneka bwino ndithu, koma akafufuza pa Google za mabedi mu Lusaka, dzina lawo silioneka ngakhale atsike mpaka chala kutopa. Tsono kwabwera mnyamata wina amene akuti akamupatsa ndalama, zokwanira kugula matabwa a mabedi awiri, awaika pamwamba penipeni sabata isanathe, chifukwa amwaza malinki 1,000 a webusaitiyo pa intaneti monse, timawu tija timene munthu akatidina timamufikitsa pa webusaiti. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi ndimupatse?"

Bambo, musamupatse. Eni ake a Google analemba poyera kuti palibe munthu amene angakulonjezeni malo oyamba. Malo amene amagulitsidwa alipo, ndi aja amakhala pamwamba atalembedwa kuti Sponsored, ndipo amenewo mumalipira kwa Google yeniyeniyo, tsiku limene mwasiya kulipira ndiye tsiku limene mwachoka. Ena onse a m'munsimo sagulitsidwa ngati puloti.

Komabe mnyamatayo sanangoitola nkhani ya malinki. Larry Page ndi Sergey Brin, amene anayambitsa Google mu 1998, anabwera ndi nzeru yotchedwa PageRank: tsamba limene masamba ena ambiri akulozako liyenera kuti lili ndi phindu, monga momwe mumadziwira mmisiri wabwino poona kuti aliyense mu komboni akukulozerani kwa iye. Anthu atazindikira zimenezi anayamba kubera, kumwaza malinki paliponse pamene pali mpata wolembapo. Mu 2005 kunabwera kachizindikiro kotchedwa nofollow, kamene mwini webusaiti amaika pa linki pouza Google kuti iyeyo sakuichitira umboni. Mu 2012 Google inatulutsa Penguin, njira yosakira malinki achinyengo, ndipo mawebusaiti ambiri amene anakwera mwa njira imeneyi anagwa chagada. Ndiye chimene akufuna kukugulitsanicho ndi mankhwala amene anasukuluka kalekale. Zikakuyenderani bwino, malinkiwo sawerengedwa n'komwe ndipo mwangotaya ndalama. Zikakuipirani, webusaiti yanu imalowa m'gulu la okayikitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiyambe ndi kuona ngati Google ikudziwa n'komwe kuti muliko. Lembani mawu akuti site: kenako adiresi ya webusaiti yanu, mophatikiza, osasiya mpata. Pakatuluka masamba anu, ndiye kuti ikukudziwani, vuto ndi mpikisano chabe. Pakapanda kutuluka kanthu, itanani mphwanu uja. Ngati anagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, muli kabokosi kamene munthu amachonga pomanga webusaiti, kouza makina ofufuzira kuti asalowe kaye. Ine ndinadzionera ndekha kwa mlamu wanga wa ku Chilenje: miyezi inatha tikudandaula za Google, osadziwa kuti amene anamanga webusaitiyo anaiwala kuchotsa kachongi kameneka. Chitseko tinakhoma tokha, n'kumadabwa kuti alendo sakubwera. Mphwanuyo alembetsenso webusaitiyo ku Google Search Console. Ndi yaulere, ndipo imaonetsa mawu amene anthu analemba pamene tsamba lanu linawaonekera.

Koma kunena zoona, kwa munthu wa ntchito ngati yanu webusaiti si chinthu choyamba. Choyamba ndi mapu. Munthu akafufuza kalipentala pa foni, Google imakonda kumuonetsa kamapu kokhala ndi mabizinesi angapo apafupi, nambala za foni zili pomwepo, ndipo ambiri amaimba osatsegula webusaiti iliyonse. Kuti muonekere pamenepo mufunika Google Business Profile, imene kale inkatchedwa Google My Business, nayonso yaulere. Google imati poika mabizinesi pamapupo imaona zinthu zitatu: ngati ntchito yanu ikugwirizana ndi chimene munthuyo akufuna, kutalika kwa mtunda, ndi kudziwika kwanu. Mtundawo simungausinthe. Munthu amene ali ku Mtendere kapena ku Kabulonga adzakuonani msanga kuposa wa ku Matero, ndipo n'chifukwa chake ndimaseka anthu akamati "ndili nambala wani pa Google". Nambala wani kwa yani, ataima pati?

Zinazo zili m'manja mwanu. Pini ya pamapu ikhale pa shedi penipeni. Mumsewu wa Alick Nkhata amisiri andandana, wina zitseko, wina mageti, wina mabuloko, ndipo pini ikaphonya pang'ono kasitomala wanu akatsikira kwa mnzanu n'kugula komweko. Nambala ya foni ikhale imodzimodzi pa mapu, pa webusaiti, pa Facebook ndi pa chikwangwani. Ndikudziwa kuti ambirife timayenda ndi masimu awiri, ya MTN ndi ya Airtel, koma sankhani imodzi imene imayankhidwa nthawi zonse. Lembani maola enieni amene mumatsegula. Mwina adzakuuzani kuti mujambule kavidiyo koonetsa malo anu, chikwangwani ndi zida pofuna kutsimikiza kuti bizinesiyo ilipodi, ndiye ngati chikwangwani chinafufutika ndi dzuwa, chipakeni penti musanayambe.

Kudziwika kuja kumabwera makamaka ndi ndemanga za makasitomala. Apa amisiri ambiri amagwidwa manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene mwangomaliza kumanga kabati m'khitchini, amayi a panyumbapo akutsegula ndi kutseka zitseko uku akumwetulira. Atumizireni linki pa WhatsApp pomwepo, muwapemphe alembe mawu awiri atatu onena chimene mwawapangira. Musalipire munthu kuti akuyamikireni, musatsitse mtengo posinthana ndi nyenyezi zisanu, ndipo musauze ana a m'nyumba mwanu kuti alembe ngati makasitomala. Malamulo a Google amaletsa zimenezi, komanso owerenga amanunkhiza ndemanga yabodza. Wina akadandaula kuti munachedwetsa ntchito, muyankheni mwaulemu poyera. Yankho limenelo adzawerenga ndi anthu amene sanakuonenipo.

Tsopano webusaiti. Ndaitsegula, bambo, ndipo pepani ndinene. Pamwamba palembedwa mawu achingerezi olandira alendo ndi kulonjeza ntchito yapamwamba kwambiri. Mawu akuti bedi, mukwa kapena Kalingalinga ndawapeza nditafufuza ngati singano. Kodi pali munthu amene amatenga foni n'kulemba kuti akufuna "ntchito yapamwamba"? Amalemba chimene akufuna kugula, m'mawu amene iyeyo amachitchulira. Mtengo umene achibale athu a ku Malawi amautcha mlombwa, kuno mu Lusaka aliyense amati mukwa, ndipo wogula adzalemba mukwa bed Lusaka, Chingerezi ndi chathu pamodzi, monga momwe timayankhulira mu minibasi. Khalani pansi mulembe mafunso amene makasitomala amakufunsani akafika pa shedi: ndi zingati, ndi mukwa kapena paini, mumaperekeza kunyumba, zitenga masiku angati, ndingalipire pa foni? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo akhale nkhani ya webusaiti yanu.

Chinthu chilichonse chikhale ndi tsamba lakelake. Mabedi tsamba lawo, makabati lawo, zitseko lawo, ndipo mutu wa tsamba, umene umaoneka pa Google ngati mzere woti munthu adine, unene chinthucho ndi malo. Musabwereze mawu amodzi kakhumi poganiza kuti mukopa makina, zimenezo Google imazitenga ngati chinyengo. Wina akakuuzani za meta keywords, mawu obisika amene amaikidwa kuseri kwa tsamba kuti makina ofufuzira awaone, dziwani kuti Google inanena mu 2009 kuti sizigwira ntchito posanja masamba.

Zithunzi zanu ndi zabwino, bedi la mukwa lija lopakidwa vanishi ndalisirira, koma mphwanu anazilowetsa momwe zinatulukira m'foni, chilichonse cholemera. Kasitomala wanu ali pa bandulo ya tsiku limodzi, sadikira. Mphwanu azichepetse, ayese tsambalo pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro limene tsamba limatsegukira, ndipo aliyesenso pa foni yotsika mtengo, chifukwa Google masiku ano imaweruza webusaiti poona momwe imaonekera pa foni. Adiresi ya webusaiti iyambe ndi https, chizindikiro chakuti ndi yotetezedwa, kuyambira 2014 Google imawerengerako zimenezi ngakhale pang'ono. Nambala ikhale yoti munthu akaidina iimbe.

Malinki abwino alipo, koma amabwera amodziamodzi ndipo amachokera kwa anthu amene mumagwira nawo ntchito. Ngati munapangira mabedi loji ina imene ili ndi webusaiti, apempheni akutchuleni. Womanga nyumba amene mumamuikira zitseko, sukulu imene munaikhomera madesiki, wogulitsa matabwa amene mumagula kwa iye ku Buseko: linki imodzi yochokera kwa otere ili ndi mphamvu kuposa 1,000 aja, chifukwa kumbuyo kwake kuli munthu amene anakhudzadi ntchito yanu, ndipo amene angaidine ndi munthu wa mu Lusaka wofuna chitseko.

Za nthawi musanamizidwe. Mapu angayambe kubweretsa mafoni msanga, koma webusaiti imatenga miyezi, ndipo a Google ananenapo kuti nthawi zambiri pamafunika miyezi 4 mpaka chaka kuti kusintha kuoneke. Pakadali pano gulani kope la ana a sukulu, mulisiye pafupi ndi tepi yoyezera. Aliyense wobwera kapena woimba foni mumufunse kuti wakudziwirani kuti, mulembe. Ikatha miyezi itatu mudzaona nokha ngati ndi mapu, Facebook kapena mpongozi wa kasitomala wakale amene akukubweretserani anthu.

Mnyamata uja musamuthamangitse ndi mwano, mwina nayenso anangophunzira zolakwika. Mufunseni akuonetseni bizinesi imodzi ya mu Lusaka imene anaikweza, pamodzi ndi nambala ya mwini wake kuti muimbire. Ngati akuidziwadi ntchito, mupatseni ya kuchepetsa zithunzi ndi kukonza mitu ya masamba, mumulipire akamaliza. Mapasiwedi a webusaiti ndi a mapu akhale m'dzina lanu, pa imelo yanu, osati yake kapena ya mphwanu.